Chitedze cha m'khwawa ndi gulu lathu lokwera mapiri

Zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo, chimanga chitangolowa m'nkhokwe, kunyumba kwanga kudabwera apulofesolo Abiliyo, aja ophunzitsa pa Chifunde, nandiuza kuti akuyambitsa gulu loyenda m'mapiri. Khalani pansi mumve ana inu, podikira anzanu ochedwawo.

Ndidawafunsa kuti, "Kuphiriko tikatengeko chiyani, apulofesolo?"

"Palibe, agogo. Tikangoona dziko ndi kulimbitsa thupi."

Ndidadabwa, chifukwa ife kale tinkayenda pali chifukwa, kaya kukagula mchere ku Cassacatiza, kaya kunyamula wodwala pamachira, kaya kuthawa nkhondo mtolo uli pamutu, koma munthu wokwera phiri n'kutsika chimanjamanja tinkamufunira sing'anga. Inu lero mumakwera mota ngakhale popita kumsika, ndiye miyendo mwachita kuipezera ntchito ya Loweruka. Komabe ndidavomera kukhala wolondolera njira, poti phiri la kuseri kwa Mualadzi ndidakuliramo ndikusaka mbira.

Mavuto adayamba tisanaponde mwala ndi umodzi womwe. Ena ankati tikufuna golide mobisa, ena ankati ndi mpingo watsopano wopemphera m'mapanga, ndipo mkazi wanga Nabanda adangoti, "Ngati mphamvu zakuchulukirani, kudimba kukufunika madzi." Adalembetsa anthu makumi awiri, koma tsikulo tidapezeka asanu ndi mmodzi, apulofesolo ali m'kabudula, telefoni ili m'manja.

Titafika pamphambano m'munsi mwa thanthwe, ndidati tidzere kumanzere, njira yozungulira. Apulofesolo adayang'ana telefoni nati, "Agogo, mapa a m'telefonimu akuonetsa kuti m'khwawamu ndi mwachidule."

"Telefoniyo idadutsamo m'chilimwe?"

Adaseka nalowa, enawo n'kuwatsata. Paja amati safunsa adadya phula, koma awa adafunsa ndithu, kungoti adafunsa telefoni. Nanenso ndidalowa, nanga wolondolera njira n'kutsala yekha pamphambano?

M'khwawamo, ana inu, munali chitedze chokhwima chili lende m'mitengo, ndipo apulofesolo ankakankha ziyangoyango ndi manja kutitsegulira njira, kamphepo n'kumatigawira tonse mosakondera. Poyamba ankakanda pakhosi mwaulemu, ndi chala chimodzi, akufotokozabe za mitundu ya miyala, koma posachedwa malaya adavulidwa, ndipo amayi Rozalina, aja otsogolera kwaya kutchalitchi, adayamba kutchula oyera mtima mmodzimmodzi. Pamwamba sitidafike. Tidatsika tikudumpha, tikudzikhula pamitengo ngati mbuzi, mpaka tidatulukira m'mudzi wina momwe amayi ankatonola chimanga pabwalo, ndipo iwo poona kudumphako adasiya ntchito nayamba kutiombera m'manja, poyesa kuti ndi gule amene tabwera naye. Mayi wina ndiye adazindikira, nathamangira phulusa ndi ndowe za ng'ombe. Apulofesolo adaima chilili akupakidwa ndowe ndi makolo a ana awo a m'kalasi, n'kumati, "Mayi, pakaninso kumsanaku."

Pamsonkhano wotsatira tidabwera atatu. Apulofesolo adati gulu lithe, popeza ana akangowaona ankayamba kudzikanda. Koma amayi Rozalina adakana. "Ine ndakanda masiku atatu," adatero, "ndiye pamwamba pakepo ndisapaone n'komwe?"

Tidapitanso, ulendo uno podzera njira yanga. Titafika pamwamba ndidaona kanjira kamene tidathawira nkhondo ndi malemu amayi anga, koma ndidaonanso kuti mbali yonse ya kumadzulo yametedwa ndi otentha makala, ndipo kasupe amene ndinkamwapo ndili mwana adauma. Amayi Rozalina adati, "Tikamabwera kuno tizinyamula mbande za mitengo." Anthu atamva kuti tikukwera ndi mitengo adasiya kutiseka, ndipo Nabanda yemwe adatifesera mbandezo kudimba kwake.

Mavuto sadathe ayi. Dzinja likafika gulu limatsala ndi dzina lokha, aliyense ali kumunda. Ena amabwera tsiku lojambulitsa zithunzi basi. Nsapato zolimba n'zosowa, ndipo mitengo ya chaka chatha theka lake idapsa ndi moto wa osaka mbewa. Chaka chino tikufuna kulambula mozungulira mitengoyo moto usanayambe, kupaka njereza pamiyala kuti njira izidziwika, ndiponso kukapempha eni manda a kumsitu kuja tisanadutse pafupi, chifukwa tsiku lina anzanu adakadyera nthochi pomwepo, ndipo wokapepesa ndidali ine.

Tsono nyamukani, ochedwa aja ndi awo akubwera. Musathamange, tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha pang'onopang'ono, ndipo chomera chimene simukuchidziwa musachigwire musanafunse. Amene muli patsogolo muzicheuka, chifukwa gulu limafika pamwamba akafika womalizira, ndipo ndi mawondo angawa, womalizirayo lero ndine.