Mzere wa fodya womwe unatilanda chikho

Omvera anzanga, ine ndine goloboyi wa timu ya m'mudzi mwathu kufupi ndi Chamama. Tikamasewera, bambo anga amakhala pambali pa bwalo ndi kope lakale, n'kumalemba mipira yomwe ndagwira ndi yomwe yandidutsa. Chaka chatha titafika mu fayinolo ya chikho cha m'dera lathu, anatsegula kopelo n'kunena kuti, "Mwana wanga, malinga ndi zomwe zili umu, anyamata aja sangakuchinye."

Bwalo la fayinoloyo kale linali munda wa fodya, ndipo mizere ina inali isanafafanizike bwinobwino. Mpira utatsala pang'ono kutha, wosewera wa timu inayo anamenya kampira kofooka, koti ngakhale mwana akanagwira. Ndinagwada kuti ndikawole. Kanagunda mzere patsogolo panga, n'kunjanja, n'kundidutsa paphewa. Chikho chinapita choncho.

Manyazi anandigwira moti kwa masiku atatu ndinkangobindikira m'chigafa cha fodya. Bambo anandipeza momwemo. Ndinawafunsa kuti, "Bambo, m'kope muja mwalembamo chiyani?"

Anandionetsa tsamba lopanda kanthu. "Kopeli limadziwa manja ako, koma nthaka siliidziwa," anatero. "Dzuka, tenga khasu."

Tinapita awiriwiri kukasalaza mzere uja, iwo akupumira m'mwamba chifukwa cha msana wawo wovuta.

Mwana wanu akagonja, musathamangire kumuweruza. Mudzi wonse unaloza chala manja anga, koma bambo anga okha anapita kukaona nthaka.