Msuzi wa Bakha pa Chofunda cha Ukwati

Ine, Gu Meidi, wa zaka 53, wokhala pa nambala 14 m'kanjira ka kuseri kwa msika wa ndiwo ku Hongkou, mumzinda wa Shanghai, wogulitsa mandasi ndi mkaka wa soya pakhomo pa kanjirako, ndabwera kuno kupolisi mwa kufuna kwanga, popanda wondiitana. Ndabwera chifukwa cha Tao Ming, amene mwamutsekera kuyambira dzulo pa mlandu wovulaza a Lu Dehai. Tao Ming akukwatira mwana wanga Yanyan Lamulungu likubwerali, ndipo sanamenye munthu. Lembani zimenezo kaye, zinazo zibwere pambuyo.

M'nyumba mwathu timakhalamo mabanja anayi, khitchini imodzi, mpopi umodzi. A Lu amakhala pamwamba pathu penipeni. Nsungwi zawo zoyanikira zovala zimatulukira pazenera pamwamba pa zathu, kusiyana kwake mamita awiri. Zaka khumi ndi zisanu takhala tikudontheredwa madzi a mopu wawo, ife chete.

Dzulo, Lachiwiri pa 14 Januwale 1997, dzuwa linatuluka patatha masiku khumi a mitambo, ndipo kanjira konse kanadzaza zoyanika. Zofunda zimene Yanyan apite nazo ku ukwati zilipo zisanu ndi zitatu, ndasoka ndekha kuyambira Seputembala. Cha m'ma 7 koloko m'mawa ndinakwera masitepe n'kugogoda kwa a Lu. Ndinati, "A Lu, chonde, lero lokha musayanike chodontha. Ndikutulutsa zofunda za mwana." Anandiyankha ali mswachi kukamwa, "Dzuwalo linatulukira inu nokha?" Ndinatsika, n'kuyanika zinayi. Chofiira cha silika, chogonera usiku woyamba, ndinachiika kunja kwenikweni kuti chiwombedwe bwino.

Nthawi ili 10:15 ndinali pa benchi langa la mandasi, mamita makumi awiri kuchokera pakhomo pathu. Mayi wina anakuwa, "Amake Yanyan, tayang'anani m'mwamba!" A Lu anali atapachika abakha atatu ophapha amene anawanyika mumsuzi wakuda wa soya pokonzekera chaka chatsopano cha Chitchaina chomwe chikubwera mwezi wamawa. Msuziwo unali ukudonthera pa chofiira chija. Banga lake linali litakula ngati mbale.

Mwamuna wanga, Shen Baogen, wa zaka 58, amakonza njinga pambali pa benchi langa. Anataya sipanala n'kukaima pansi pa zenera. Anati, "Lu! Tsika, galu iwe!" A Lu anatsika atavala masilipasi, ndudu ili kukamwa, osafulumira n'komwe. Anayang'ana m'mwamba n'kunena kuti, "Nanga abakha anga adikire ukwati wanu? Kachapeni." Anthu anali atayamba kuunjikana. Kenako anaonjeza mokweza, kuti onse amve: "Mwana wake wa zaka 31, anamusiya kale amuna awiri, lero aope banga limodzi?" Ena anaseka. Yanyan anali pazenera, anamva zonse.

Pakhomo pathu timatsamiritsapo nsungwi ya mphanda kunsonga, yokwezera zovala, yotalika mamita awiri. Mwamuna wanga anaitenga. Yoyamba inagwera paphewa. Yachiwiri inagwera pakhutu lakumanzere, ndipo a Lu anadzandira chafutambuyo n'kumenyetsa mutu pa ngodya ya sinki yasimenti yochapiramo. Phokoso lake ndikulimvabe mpaka pano. A Lu atagwa, mwamuna wanga sanaleke. Yachitatu kumaso, yachinayi kukamwa. Nsungwi inang'ambika, iye n'kumenyanso ndi yong'ambikayo. Zonse pamodzi kasanu. Ndinaona mano awiri pansi pafupi ndi silipasi, magazi akutsetserekera mu ngalande. Ndinamugwira mkono ndikukuwa kuti, "Mupha munthu, bambo ake Yanyan!" Anandigunda ndi chigongono, mlomo wong'ambikawu ndi umenewo. A Lu sanabweze ngakhale kamodzi. Pakamwa pawo m'poipa, ndikanati ndiwathire madzi ndikanawathira, koma sanakweze dzanja.

Tao Ming anafika nthawi imeneyo pa njinga, atanyamula katoni ya maswiti a ukwati. Katoniyo inagwa, maswiti mbwee mumsewu. Anagwira mwamuna wanga kumbuyo n'kumulanda nsungwi. Kenako anagwada, anavula sikafu yake n'kutsekera bala la a Lu. Magazi munawaona pa jekete lake aja anachokera pamenepo.

Titamva kuti apolisi alowa m'kanjira, Tao Ming anati, "Bambo, lowani m'nyumba. Ndi mtima wanu wodwalawo simungagone mu selo kuzizira konseku." Mwamuna wanga anaima pang'ono, kenako analowa. Analowadi, ine ndikuona. Tao Ming anatola nsungwi ija n'kuigwira. Apolisi awiri atafunsa kuti wamenya ndani, anati, "Ndine." Panali anthu osachepera makumi atatu, ena maswiti ali m'manja. Palibe anatsegula pakamwa. Inenso sindinatsegule, ndipo ndikuchita nazo manyazi.

A Lu anawatengera kuchipatala pa njinga ya matayala atatu ya wogulitsa malasha. Akazi awo akuti nsagwada yathyoka, diso lakumanzere mwina silionanso, ndipo mpaka m'mawa uno sanalankhule. Ndiye ngati mukudikira iwo kuti akuuzeni, mudikira.

Madzulo tinakhala patebulo atatu. Yanyan anali atachapa chofunda chija katatu m'madzi ozizira, manja atatupa, banga osachoka. Bambo ake anati, "Mnyamata uja ndi wamphamvu, atuluka." Yanyan anaika mbale yake pansi n'kufunsa kuti, "Atuluka liti, bambo?"

Lero m'mawa sindinakazinge mandasi. Ndinatenga chikwama n'kuikamo majuzi awiri, masokosi aubweya, mswachi ndi mapiritsi a mtima a mwamuna wanga, aang'ono oyera amamwa limodzi m'mawa limodzi madzulo, chonde mulembe zimenezo. Ndakhala naye zaka 33 munthu ameneyu, sanandimenyepo mpaka dzulo, ndipo ndimamukonda. Koma sindingalole kuti mwana wa eni ake awolere muno chifukwa chotilemekeza.

Amene anamenya a Lu Dehai ndi mwamuna wanga, Shen Baogen. Tabwera limodzi. Chikwamacho ananyamula yekha njira yonse. Ali pa benchi panja pa khomo lanu, wavala chipewa chotuwa. Anandipempha kuti ndiyambe ine kulowa.

Tao Ming mutulutseni, ali ndi ukwati Lamulungu. Mpando wa bambo a mkwatibwi tidzauchotsa.

Zimene ndikudziwa n'zomwezo. Andiwerengera, ndipo ndi mawu anga.

Wosaina: Gu Meidi
15 Januwale 1997