Kuthamanga pambali pa bedi la a Nkhoma

Mtendere wa Ambuye ukhale nanu nonse, abale ndi alongo. Abusa, zikomo pondilola kuima pano. Akulu a mpingo, amayi anzanga a Lachinayi, ndakuonani. Ndi inunso amene mwakhala panja chifukwa malo achepa, moni.

Kwa amene simundidziwa, ine ndine NaMbewe, mkazi wa a Nkhoma, aja ankakonza njinga pansi pa bulugama pa msika wa Nsaru. Kwathu ndi ku Nambuma, kuno ndili pa chitengwa. Ndikuona ena mukundiyang'ana kawiri. Ndine yemwe uja. Ndatha zaka ziwiri osaponda muno, koma sindinalowerere ayi. Mumva.

Kale ndinali ndi okala pafupi ndi siteji ya maminibasi. Mandasi m'mawa, tchipisi masana, zoziziritsa kukhosi. Ntchito yanga inali yokhala pansi. M'mawa pa mpando, madzulo pa mpando womwewo. Mandasi otsala ndinkadya ndine. Tiyi ndinkathira shuga mpaka supuni kuima. Thupi linabwera pang'onopang'ono, ndipo anthu ankandiyamikira. Ankati a Nkhoma amadziwa kusunga mkazi. Ine ndinkamva kukoma. Chitenje chimodzi chinasiya kundikwana, ndinkachita kulumikiza ziwiri kwa atelala. Kuchoka pa okala kufika kunyumba ndinkapumula kawiri panjira, koma ndinkati ndi ukulu.

Tsiku lina Loweruka m'mawa a Nkhoma anagwa akupopa tayala. Mkono wamanja unafa, mwendo wamanja unafa, pakamwa panapotoka. Ku chipatala chachikulu m'tauni anati ndi sitiroko. Tinagonako milungu itatu, kenako anatiuza kuti zotsalazo tikachitire kunyumba. Mawu awo anathawa onse. Anatsala ndi liwu limodzi lokha, "eya". Akafuna madzi, eya. Akakana phala, eya. Akamva ululu, eya.

Mwana wathu wamkazi ali pa banja ku Mchinji. Wamwamuna ali ku Joni. Ndinatseka okala, wodwazika ndinakhala ine.

Abale anga, amene simunadwazikepo munthu wotere simungadziwe. Kuwasambitsa ndine. Kuwadyetsa ndine. Kuwatembenuza kuti asatuluke zilonda pamsana, ndine. Kuchapa zofunda tsiku ndi tsiku, ndine. Alamu anga, mlongo wawo wa a Nkhoma, ankabwera ndithu. Ankaima pakhomo, n'kunena kuti m'nyumba mukununkha, n'kumapita. Ine ndikatopa ndinkadya. Ndikalira ndinkadya. Phala limene a Nkhoma asiya ndinkalimaliza, kenako n'kuphika zanga. Ndinanenepa kuposa nthawi ya okala ija.

Tsono linafika tsiku limene sindifuna kulikumbukira, koma ndiyenera kulinena.

Inali nthawi yokumba mtedza, mudzi wonse uli kumunda. Ndinawasambitsa a Nkhoma atakhala pa mpando, ndiye ndimati ndiwabwezere pa bedi. Ndinawagwira m'khwapa monga mwa masiku onse, n'kudzuka nawo. Maso anga anachita mdima. Bondo linagonja. Tinagwa tonse awiri pakati pa bedi ndi khoma, beseni n'kugudubuka, madzi pansi ponseponse.

Ndinayesa kudzuka. Ndinalephera. Ndinagwira mwendo wa bedi, bedi linangosuntha. Ndinayesa kugwada, mpweya unandithera. Thupi langa lomwe, limene anthu ankaliyamikira lija, linandipanikiza pansi ngati matumba a chimanga. A Nkhoma ali chigonere pa simenti yonyowa, osavala, akunjenjemera. Ndinavula chitenje changa n'kuwafunditsa. Ndinaitana mpaka mawu anasasa. Palibe anamva. Nkhuku zinalowera pa chitseko chimene chinali chotseguka pang'ono, zinayamba kujompha sopo pafupi ndi mutu wa amuna anga, ine osatha ngakhale kuziingitsa.

Tinagwa ana atangolowa m'kalasi. Dzuwa linafika pamutu tili pomwepo. Nditacheuka ndinaona a Nkhoma akulira, misozi ikutsikira m'khutu. Chikwatirane ndinali ndisanawaonepo akulira. Pamenepo ndinapemphera pemphero loipa, abale. Ndinati, "Ambuye, ngati mukutenga, tengani tonse lero. Musasiye mmodzi."

Ambuye sanayankhe pemphero limenelo. Anatumiza a NaBanda, aneba athu, amene anabwerera kumunda kudzatunga madzi akumwa. Anamva kubuula, anakankha chitseko. Anachita kukaitana amuna awiri kuti atidzutse.

M'mawa mwake a NaBanda anatsala ndi a Nkhoma, ine ndinapita ku chipatala chathu chaching'onochi. Anamwino anandimanga lamba uja woyezera bipi pamkono, anayeza, anamasula, anayezanso. Kenako anandiyang'ana n'kunena kuti, "Mayi, mukapitiriza chonchi, m'nyumba mwanu mukhala mabedi awiri. Tsono inuyo azikakutembenuzani ndani?"

Anandipatsa mankhwala a bipi. Anati ndichepetse mchere, shuga ndi mafuta, ndiponso ndiziyenda mtunda tsiku lililonse. Ndinawauza kuti sindingathe. Munthu wanga sindingamusiye yekha ngakhale nthawi yokatunga madzi, ndiye mtundawo ndikauyenda liti? Anamwinowo anangodzuka pa mpando, anaima pakati pa chipinda, n'kuyamba kuthamanga. Kuthamanga koma osapita kulikonse. Maondo akukwera, mikono ikugwedezeka, iwo ali pamalo amodzimodzi. Ine ndinaseka, kuseka kwa munthu wotopa. Iwo sanaseke. Anati ndiyambe ndi kuguba ngati ana asukulu, nditagwira khoma, ndipo ndikamva chizungulire kapena kupweteka pachifuwa ndiziima. Anati malo oti mphasa n'kuyalapo ndi okwanira.

Ndinayamba, abale, osati chifukwa chokhulupirira ayi. Ndinayamba chifukwa cha mantha a simenti ija. Ndinkatseka chitseko kuopa kusekedwa, n'kuima pambali pa bedi. Tsiku loyamba ndinakweza maondo kakhumi kokha, ndinakhala pansi mtima ukugunda m'makutu. Maondo anatupa. Tiyi wopanda shuga ankandikomera ngati madzi otsukira mbale. Ndinasiya kawiri. Ulendo wachiwiriwo ndinasiya mlungu wathunthu, ndinati ndingofa basi, ndatopa. Koma nthawi iliyonse ndikawanyamula a Nkhoma ndinkaona mdima uja ukubwera chapatali, ndiye ndinkayambiranso.

Tsiku lina ndikuguba, ndinamva ngwe, ngwe, ngwe. A Nkhoma atenga supuni ndi dzanja lamanzere, akumenya kapu yachitsulo. Ndinaima, ndimayesa akufuna madzi. Anapukusa mutu. Nditayambiranso, nawonso anayambiranso, supuni ikutsata mapazi anga. Kuyambira tsiku limenelo inakhala ntchito yawo. Wotchi yawo yapamkono ndinkaiika pa mtsamiro, iwo n'kumaiyang'ana. Akaika supuni pansi, ndiye kuti ndamaliza. Mlungu uliwonse ankandionjezera pang'ono osandifunsa. Kuguba kuja kunasanduka kuthamanga. Munthu amene ankangoyang'ana kudenga tsiku lonse anapeza choti azidikira.

Miyezi inapita. Bulauzi inayamba kukhwepa. Chitenje cholumikiza chija ndinachisomola. Ndinayamba kuwanyamula a Nkhoma maso ali oyera.

Mukuganiza kuti anthu anakondwa? Ayi. Ndikafika pa mjigo nkhani zinkaduka. Ena ankati ndatenga matenda aja, n'chifukwa chake ndikuonda. Ena ankati amamva mididi m'nyumba masana chitseko chili chotseka, ndi kachitsulo kakulira, ndiye kuti ndikuvinira mankhwala kuti ndiwamalize amuna anga. Alamu anga anali ndi yawo. Ankauza anthu kuti ndikudzikonza thupi chifukwa ndapeza mwamuna wina, ndikungodikira maliro. Mawu amenewa anandipeza ndikuchapa zofunda za mchimwene wawo yemweyo. Ndinangopitiriza kuchapa. Mphamvu zokangana ndinalibe.

Kenako anabwera. Alamu, amalume awo a a Nkhoma amene ndi ankhoswe athu, ndi mkulu wa mpingo mmodzi amene ali muno, sindimutchula, anabwera ndi mtima wabwino. Analowa m'chipinda momwemo kuti mwini wake amve. Alamu ananena zawo zonse, n'kumaliza ndi kuti ndibwerere kwathu ku Nambuma, mchimwene wawo amusamala okha.

Ndinene zoona pamaso pa Mulungu. Mbali ina ya mtima wanga inakondwa. Ndinaganiza za kwathu. Kukagona mpaka kudzuka ndekha. Kukadya nditakhala pansi popanda wondiitana. Ndinatsala pang'ono kunena kuti chabwino, ndapita. Ndinali nditatopa choncho.

Koma amalume anati sangaweruze chinthu chimene sanachione. Anati, "Apongozi, zimene mumachita mukatseka chitsekozo, tachitani pano tione."

Abale ndi alongo, ine ndi mayi wa zidzukulu. Kudumphadumpha pamaso pa ankhoswe ndi mkulu wa mpingo, thupi lonse likugwedezeka, ndi manyazi oti sindingawafotokoze. Ndinamanga chitenje, ndinayang'ana pansi, ndinayamba. Supuni inayamba kulira. Nditangothamanga pang'ono ndinamva alamu akutsonya, ndipo ndinaima. Ndinati aona, zakwana.

A Nkhoma anamenya kapu ija mwamphamvu mpaka inagwa pansi. Analoza wotchi ndi supuni. Pakamwa pawo panavutika, panavutika, kenako anati, "Si... na... kwane."

Chaka ndi miyezi, liwu lawo linali eya basi. Tsiku limenelo anati sinakwane.

Amalume anawerama, anatola kapu ija n'kuibwezera pa bedi pafupi ndi dzanja la mphwawo. Supuni inayambiranso. Ine ndinathamanga, misozi ndi thukuta zikutsikira pamodzi, mpaka a Nkhoma anaika supuni pansi. Nditatukula maso, alamu anali atatuluka. Amalume anangoti nkhani yatha, palibe akupita ku Nambuma. Mkulu wa mpingo uja anapemphera.

Tsono ndikudziwa kuti ena mukudikira ndinene kuti a Nkhoma anadzuka n'kuyenda. Sanadzuke. Mpaka lero sayenda. Mkono uja ndi wakufabe. Mawu abwerako owerengeka, dzina langa, madzi, kunja, ndi ena ochepa. Masana ndimawatulutsa pa khonde, anthu odutsa ndi njinga amaima n'kuwapatsa moni, iwo amaloza ndi chala pamene tcheni chakhwepa. Ineyo sindinasanduke mtsikana, mukundiona nokha, thupi lilipobe. Mankhwala ndikumwabe. Koma anamwino akandiyeza masiku ano amayeza kamodzi, n'kundiuza kuti ndipitirize. Lero ndayenda wapansi kuchoka kunyumba kufika muno osapumula panjira.

Alamu sanapepese, ndipo ine sindinawafunse. Patapita mwezi anabwera ndi kathumba ka mtedza, anakaika pakhomo, n'kunena akuyang'ana kumbali kuti Lamulungu ndizipita ku tchalitchi, mchimwene wawo azikhala naye iwo. Panopa ali nawo kunyumbako. Kuwatembenuza ndinawaphunzitsa ndine.

Sindikunamizani kuti kutopa kunatha. Ndimatopa, abale. Msana umandiwawa. Manja anga anang'ambika ndi sopo. Alipo masiku amene ndimaima pambali pa bedi paja miyendo ikukana, ndipo ndimathamanga ndikung'ung'udza. Ndinapempha Mulungu kuti adzutse amuna anga, Iye anasankha kudzutsa ine. Chifukwa chake sindichidziwa. Ndasiya kufunsa. Chimene ndikudziwa n'chakuti tsiku lija anakana kutitenga, ndipo anali ndi anthu ake okonzeka, a NaBanda, anamwino aja, amalume.

Amayi anzanga amene muli ndi odwala kunyumba, ndikukudziwani, ena mwakhala kumbuyoko. Pitani akakuyezeni. Musadikire kugwa ngati ine. Ndipo inu nonse, mukamva mididi m'nyumba ya mnzanu, gogodani mufunse. Mukaona mnzanu akuonda, mufunseni mwini wake.

Ndikuthokoza a NaBanda, ali apo, akubisa nkhope. Ndikuthokoza amayi a Lachinayi amene munkabwera ndi nkhuni. Ndikuthokoza alamu anga. Koposa onse ndikuthokoza Yesu, amene anandiona ndili pa simenti.

Mukamapemphera muzitikumbukira. A Nkhoma muwapempherere mawu, akufuna kulankhula ndi mwana wawo wa ku Joni pa foni. Ine mundipempherere msana ndi tulo. Zina zonse Ambuye watipatsa.

Zikomo abusa. Ndikhale pansi tsopano. Ameni.