Tisefa Khumi ndi Tiwiri ta Mayi Demiana

Malemu anabadwa pa 9 Malichi 1967 ku Sohag, ndipo bambo athu, a Sobhi Tadros, anawatcha Demiana. Ine ndine Ramzi, mlongo wawo. Banja landituma, choncho ndiwerenga mbiri yawo.

Sukulu anayambira kwathu komweko. Mu 1989 anamaliza maphunziro a sayansi kuno ku Alexandria, chaka chomwe bambo athu anamwalira ndi nthenda ya chiwindi. Mu 1994 anamanga banja ndi a Medhat Ghattas m'tchalitchi muno.

Kuyambira 2014 ntchito yawo inali yokonza tisefa tamkuwa, tochepa ngati njere ya mphodza. Ankadonthezapo madzi okhala ndi puloteni, n'kuwaphwetsako ndi pepala, kenaka n'kuviika kasefako m'mankhwala ozizira koopsa kuti madziwo aundane. Akaundana mochindikala, makina oonera tinthu tating'onoting'ono saona kanthu. Akapyapyala kwambiri, puloteni imawonongeka. Anzawo ankayeza nthawi ya pepalalo ndi wotchi, tisefa n'kumawonongekabe. Mayiwa ankangonena katatu chamumtima pemphero lathu lija, Ambuye tichitireni chifundo, n'kuchotsa pepala. Akuluakulu awo ankawaseka kuti abweretsa tchalitchi kuntchito, koma tisefa tawo ankachita kulimbirana.

Mu Febuluwale chaka chino anawapeza ndi chotupa m'mimba. Achipatala anati opaleshoni ichitike mwezi womwewo. Iwo anakana. Ankakonza puloteni ya kachilombo kowononga chiwindi, yomwe inali itawavuta zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo mpata woonera tisefa pa makina a kunja kwa dziko lino unali wa mu Meyi basi. Ankati manja akagona m'chipatala amaiwala. Ndinawakalipira, ndinawanena kuti ndi ouma mutu ngati bambo athu. Anangondithirira tiyi.

Pa 3 Meyi anatumiza tisefa khumi ndi tiwiri m'botolo lozizira. Pa 8 Meyi anagonekedwa, koma chotupa chinali chitafalikira. Atisiya dzulo, Lolemba pa 19 Juni, ali ndi zaka 56.

Uthenga wa kunja wafika m'mawa uno. Akuti tisefa tiwiri taonetsa puloteni ija bwinobwino. Alamu anga a Medhat andifunsa ngati imeneyi ndi nkhani yabwino. Mumtima mwanga mulibe mkwiyo, mulibenso chimwemwe, mwangoti zii.

Asiya amuna awo, ana awiri, Abanoub ndi Irini, mdzukulu mmodzi, ndi ine. Tikuthokoza ansembe athu, anamwino amene ankawatembenuza pabedi, azimayi a mumpingo amene akhala akutiphikira, ndi anzawo a kuntchito amene anyamula bokosi.

Pemphero lija lero tilinena maulendo makumi anayi ndi kamodzi, monga mwa mwambo wathu. Iwo katatu kankawakwanira. Mzimu wa mayi Demiana uuse mumtendere.