Zidindo za Paboda

M'mawa wina mu 1995, pa siteji ya minibasi ku Area 25, bambo wachikulire anafunsa mayi amene anaima naye pamzere ngati chikwama chimene ananyamula chinali cha ulendo wautali.

"N'cha amuna anga, abambo. Ndikukawapatsira ku Kanengo. Amayendetsa thiraki ya fodya, masana ano akunyamuka wa ku Joni."

"Ndiye muli pabwinotu, amayi. Madalaivala opita kunja sagona ndi njala."

"Pabwino pake pati? Amuna angawa kwawo n'ku Tete, ku Mozambique, anabwera nthawi ya nkhondo. Chaka chatha anakapempha kuti akhale nzika ya Malawi. Ku ofesi yoona za anthu olowa ndi kutuluka m'dziko atatsegula pasipoti yawo anangoona zidindo zokhazokha. Akuti munthu womangotulukatuluka chonchi sangamutenge ngati wakhazikika m'dziko muno."

"Koma mkazi ali kuno, ana ali kuno!"

"Ana atatu, onse obadwira mu Lilongwe momwemuno. Koma akuti amaona masiku amene munthu wagona m'dziko, saona ana."

"Nanga bwanji osayamba asiya kaye maulendowo?"

"Anayesa. Anakhala pakhomo mpaka tinagulitsa wailesi ndi mipando. Ndine ndemwe ndinawauza kuti bwererani pamsewu."

"Tsono poti nkhondo inatha ndipo anzawo akubwerera, iwo sakuganiza zopita kwawo?"

"Akafikira kwa ndani? Mudzi unapsa, abale anatha onse. Chimene chimandisowetsa mtendere n'chakuti ulendo uliwonse pobwera, paboda akawafunsa kumene akupita, amayankha kuti kwathu. Sindidziwa kuti adzalowera kuti tsiku limene wina adzawauze kuti kuno si kwanu."