Penshoni ya Sikisipensi

Pa siteji ya basi ku Mangochi, dzuwa lili paliwombo, mkulu wina wovala jekete ndi tayi anakhala pabenchi pafupi ndi mayi wogulitsa utaka. Mayiyo ndiye anayamba.

"Mwatchenatu bambo, mukuchokera ku ukwati?"

"Ku banki, mayi. Ndatopa nako kuyendera penshoni yanga yochokera ku Zimbabwe."

"Sinafike?"

"Inafika kalekale. Mwini wake ndiye akuti sanafike."

"Mwini wake si inu?"

"Ndine. Ndinagwira ntchito pa hotela yaikulu ku Bulawayo, woperekera zakudya kwa azungu okhaokha, osati anthu wamba. Koma bwana lilime linkamukanika kutchula Stefano Chikwenga, ndiye ananditcha Sikisipensi. Ndalama zabwera m'dzina limenelo."

"A bankiwo simunawaonetse khadi la chipani?"

"Ndinawaonetsa. Akuti khadi ndi la Stefano, ndalama ndi za Sikisipensi."

"Ndiye muwauze a hotelawo akonze."

"Bwana uja anamwalira. Otsalawo ndi ana, sandidziwa. Kunyumba ufa watha, mayi."

"Nanga a banki akuti mutani?"

"Akuti ndibwere ndi munthu amene ndinali naye ku Bulawayo, adzalumbire kuti Sikisipensi ndi ine."

"Ndiye palibe?"

"Alipo mmodzi kwathu ku Malindi. Akazi anga."

"Aaa, basitu! Mawa lomwe mubwere nawo."

"Mayi, simukundimvetsa. Zaka zonse zija, akazi anga ndinkawauza kuti kuntchito amanditcha Bwana Manijala."