Tepi ya Alamu

Lachisanu masana a Mapu, amene amajambula njira za mabasi ku ofesi ya mzinda, anatuluka wapansi kukayendera masiteji a njira yatsopano. Akuluakulu a komiti ankabwera 2 koloko kudzaona okha. Amene anazika zikwangwani za masitejiwo anali mlamu wawo, mlongo wa akazi awo, munthu woyenda ndi tepi yoyezera m'thumba ngakhale ku ukwati.

A Mapu anali ndi bala. Chaka chatha anasuntha siteji ina n'kuifikitsa pafupi ndi saluni ya akazi awo. Chikwangwani chinazulidwa. Iwo analandira kalata ya chenjezo. Yachiwiri ndiye kuti ntchito yatha. Choncho ulendo uno analemba lamulo, n'kusainira, n'kudinda: siteji italikirane ndi inzake mamita 400. Osachotsera. Osawonjezera. Osamvera munthu.

Anayenda pang'ono awiriwo, a Mapu n'kuima njii.

"Alamu, ichi n'chiyani?"

"Siteji yachiwiri," anatero Mlamu.

"Pakhomo pa butchala?"

"Eya. Mpamene panakwana 400."

"Chitseko chake sichikutseguka!"

"Chikutseguka theka. Mwini wake ndi wochepa thupi, akudutsa."

"Nanga makasitomala?"

"Onenepa akugulira pawindo."

Mwini butchala anasuzumira. Chikwanje chili m'manja. A Mapu anayang'ana kumbali.

"Sanadandaule ameneyu?"

"Anadandaula. Ndinamuonetsa pepala lanu. Anafunsa kumene mumakhala."

"Inu n'kumuuza?"

"Pepala silinaletse."

A Mapu anakonza tayi.

"Chabwino. Lamulo ndi lamulo. Mizinda yotukuka imatero."

"Kapena ndichizule?"

"Ndani wanena zozula? Tiyeni!"

Anafika pamsika. Anthu mbwee. Mawilibala, madengu, njinga, phokoso. A Mapu anaunguza uku ndi uku.

"Pano siteji ili pati?"

"Palibe."

"Aaa! Anthu onsewa?"

"Msikawu wakhala pakati penipeni. Uku mamita 200, ukonso 200. Wolakwa ndi msika."

"Msika ungalakwe bwanji?"

"Ndinakamuuza mkulu wa msika kuti ausunthe pang'ono."

"Anati chiyani?"

"Sindingabwereze. Ndinu alamu anga, ndimakupatsani ulemu."

A Mapu anapinda manja kumbuyo ngati mmene amachitira pamisonkhano.

"Zili bwino. Kuyenda ndi mankhwala. Madokotala amanena tsiku ndi tsiku."

Mayi wina anadutsa atasenza thumba la kabichi, mwana kumsana, thukuta lili kamukamu.

"Awo akumwa mankhwala anu," anatero Mlamu. "Ndiwaitane akuthokozeni?"

"Asiyeni! Fulumirani."

Msewu unatsika n'kufika pamlatho. Mlatho wopapatiza. Pakati pake penipeni, chikwangwani chili chilili. A Mapu anavula magalasi, kuwapukuta, kuvalanso. Chinalipobe.

"Ayi, alamu. Ayi, ayi."

"Yachinayi imeneyo. Inandivuta kuboola. Pansi mpa konkire."

"Basi ikaima apa, magalimoto am'mbuyo adzera pati?"

"Adikira."

"Nanga wotsika atsikira pati?"

"Ndinayeza. Pali malo a phazi limodzi."

"Limodzi?"

"Linalo aziyamba alisiya m'basi."

A Mapu anasuzumira pansi. Madzi anali kuthamanga, akuda bii.

"Komatu apa pokha mukanangosuntha pang'ono chabe..."

"Mwati bwanji?" Mlamu anali atapisa kale dzanja m'thumba. Pepala linatulukira nsonga.

"Ndati mwachita bwino! Anthu azipitidwa mphepo podikira basi."

"Ndinadziwa kuti mukondwa."

Anakwera chitunda. A Mapu ankawerenga m'mutu zokauza komiti. Butchala: chitukuko chimapweteka. Msika: thanzi. Mlatho: malo okongola. Anayamba kulimba mtima. Kenaka anaona geti ya manda.

"Iyinso?"

"Yachisanu."

"Pano akwera ndani?"

"Otsika alipo ambiri. Okwera ndiye ochepa."

"Alamu, musaseke."

"Sindikuseka. Pa masiteji onse, pano pokha palibe amene wadandaula."

"Mwaona? Anthu akumvetsa. Ena nawonso azolowera."

"Azolowera ngati awa?"

"Yendani!"

Anakhota pakona. Msewu uwu a Mapu ankaudziwa. Khoma lapinki ankalidziwa, analipenta okha. Chikwangwani chachisanu ndi chimodzi chinali pakhomo penipeni pa saluni ya akazi awo. Chowongoka. Chonyezimira. Pambali pake benchi yatsopano. Pawindo akazi awo anakweza chipeso m'mwamba, kumwetulira mpaka m'makutu.

"Mayo ine," anatero a Mapu. "Alamu, mwandipha."

"Mukuoneka amoyo."

"Zulani."

"Ndizule chiyani?"

"Ichi! Msanga! Komiti ikachiona apa, ine ntchito yatha lero lomwe."

Mlamu anatambasula pepala lija mosafulumira. Linali litang'ambika m'mapindiro.

"Osamvera munthu."

"Ine si munthu wamba! Ndine amene ndinalemba pepalalo!"

"Ndime yachitatu. Ngakhale wolemba pepalali atapempha yekha, osamvera. Munachita kudula mzere kunsi kwake. Kawiri."

A Mapu anakumbukira. Anailemba ndimeyo atakwiya, kalata ya chenjezo ili patebulo. Tsikulo anadziona ngati munthu wamkulu zedi.

"Chabwino, musazule. Ingosunthani. Mamita khumi okha."

"Ndiye kuti uku 410, uko 390. Panopa palibe cholakwika. Mukufuna zolakwika ziwiri?"

"Sunthani zonse, njira yonse!"

"Zonse khumi ndi zinayi? Isanakwane 2 koloko? Ndiponso ya pamlatho ikhalabe pamlatho. Ndinayeza. Mlathowo ndi wautali."

A Mapu anakumbatira chitsulo chija. Anakoka. Anakankha. Anachimenya ndi phewa. Sichinagwedezeke ngakhale pang'ono. Tayi yokha ndi imene inakhota.

"Munathira chiyani pansipa?"

"Simenti. Matumba awiri."

"Kwinako?"

"Theka theka."

"Nanga pano awiri chifukwa chiyani?"

"Pano pamawomba mphepo."

Kunalibe mphepo. Ngakhale tsamba silinkagwedera. A Mapu anayang'ana wotchi. Hafu pasiti wani.

"Pezani chiguduli. Tichiphimbe."

"Ndime yachinayi. Chikwangwani chizioneka munthu ali pa mamita makumi asanu."

"Ndiye imani patsogolo pake!"

"Ndine wamfupi. Ndinadziyeza."

"Haa! Basi tisunthe saluni!"

"Zimenezo mukawauze nokha mlongo wangayo. Ine ndinakula nawo. Chipsera ichi si cha njinga." Analoza pachipumi.

Pawindo akazi awo anakwezanso chipeso. A Mapu anakweza dzanja, mano ali pamtunda ngati akujambulitsa. M'saluni munali makasitomala atatu, onse akuwayang'ana ndi mitu yomanga theka.

Anakhala pabenchi paja. Inali yabwino kukhalapo, ndipo zimenezo zinawapsetsa mtima kwambiri.

"Benchi iyi yachokera kuti? Kwina konse kulibe benchi."

"Pepala silinatchule benchi. Sililamula, sililetsa."

"Inu ndi pepala, pepala ndi inu! Mutu mulibe?"

"Munati ndisaugwiritse ntchito. Tsiku limene munandilemba ntchito. Munati, alamu, kuganiza ndisiyireni ine."

A Mapu anatseka maso. Anapuma katatu. Kenaka nkhope inayamba kuwala. Anadzuka, kukonza tayi, kusasa fumbi paphewa.

"Dikirani. Ndikuopa chiyani kodi? Chaka chatha ndinasuntha ndi dzanja langa. Chaka chino sindinakhudze kanthu. Yasankha ndi tepi. Tepi ilibe mkazi."

"Ilibe."

"Tepi ilibe mlamu."

"Ilibenso."

"Ndiwauza kuti, mabwana, yezani nokha. Butchala, mlatho, manda, umboni wonsewo. Munthu wokondera angaike siteji pamlatho? Zangochitika basi!"

"Mwalankhula bwino."

"Ndiwapatsa tepi yanuyo m'manja. Ayambire ku depoti, kumene mabasi amanyamukira. 400, 400, 400, mpaka pakhomo pano. Aone okha."

Mlamu anakanda kumutu.

"Ku depoti kokha asayambire."

"Chifukwa?"

"Kuchokera ku depoti kufika pa siteji yoyamba ndi mamita 130."

"130? Bwanji? Tepi inaduka?"

"Ayi. Ndi amene anatsala."

"Anatsala kuti? Kodi simunayambire ku depoti?"

"Pepala likuti siteji italikirane ndi inzake. Depoti si siteji. Ndipo poyambira silinanene. Ndinaliwerenga kasanu."

Kumunsi kwa msewu kunatulukira galimoto yoyera ya ofesi. Inkabwera pang'onopang'ono. Pawindo lake panali mitu inayi, ndipo wina ankalemba m'buku. Ankaoneka kuti mlatho audutsa kale.

A Mapu anatembenukira kwa Mlamu.

"Alamu. Ndiyankheni bwinobwino. Munayambira pati kuyeza?"

Mlamu anasisita chitsulo chija ngati mwana wake. Anabayibitsa mlongo wake pawindo. Kenaka anapinda pepala n'kulibweza m'thumba.

"Tepi imafuna woigwira mbali inayo, alamu. Tsiku loyamba anandigwirira ndi akazi anu. Ndiye anati pakhomo pano sangachoke, ali ndi kasitomala."